Chitedze pa Mpanda

Lolemba
Mbuzi za a Mwanza zadyanso kabichi wanga. A Mwanza ndi mnansi wabwino, ndiponso ndi okhawo ali ndi wailesi mudzi muno. Sindingayambane nawo. Nzelu yabwela: chitedze pampanda. Mbuzi ikangokhudza, idzathawa ikukanda mpaka ku Sandwe. Mkazi wanga, amake Tisa, akuti, "Atate ake Tisa, chisiyeni kuthengo."

Lachiwili
Ndapita kuthengo pa njinga. Ndatenga chikwanje, thumba, ndi jekete la ukwati lotetezela mikono. Chitedze chayanga mtengo wonse wa msuku, maluwa ake ofiila moda akulendewela timagulu. Sindinkadziwa kuti n'chokongola chonchi, ubwana wonse ndinkangochithawa. Ndadula ziyangoyango zokhala ndi nyemba zaubweya. Khosi likuyabwa pang'ono chabe.

Lachitatu
Ndachipota pampanda wonse. Mbuzi zafika, zanunkhiza, zadya masamba a chitedze, kenaka kabichi. Palibe imene ikukanda. Wokanda ndine.

Lachinayi
Mphepo! Ubweya waulukila pa zovala zoyanika. Okanda lelo: ine, amake Tisa, Tisa, galu. Tadzola phulusa, tikuoneka ngati tatuluka m'mbaula. Amake Tisa sakundilankhula, akungonditembenuzila msana kuti ndiwakande.

Lachisanu
Mlangizi wa zaulimi wafika kuchokela ku Petauke kudzaona dimba, atavala kabudula wa khaki. Watsamila mpanda. Ndafuna kumuchenjeza, koma ali pakati pofotokoza ubwino wa boma la Chitaganya, ndipo sapatsa mpata. Wachoka nkhani isanathe. Njinga akuwongolela ndi dzanja limodzi.

Loweluka
Ndaulula zonse kwa a Mwanza. Aseka mpaka kukhala pansi. "Mukanangonena, bambo, ndikanazimanga." Tatentha chitedze tonse awili, titaima kumene mphepo ikuchokela. Mpanda wapsela limodzi.

Sondo
Kutchalitchi benchi yonse ndi yathu, anthu atisiyila malo ambili. Kabichi watsala mmodzi, taphika, a Mwanza adya nafe. Mbuzi azimanga pamtengo, tsopano pamene m'dimba mulibe kanthu. Kuyabwa kwachepa. Amake Tisa ayambanso kulankhula. Akuti ndibzale matimati, ndipo nzelu ina ikadzandibwelela, ndizikhala nayo kaye masiku awili ndisanakwele njinga. Ndavomela.