Mmene Ndinathawitsira Agogo pa Kwadi Yofiira

Loweruka, 20 Januwale. Ndikulemba nditakhala pakhonde kwathu ku Maglas, komboni ya mgodi, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, nsapato zikuuma padenga la khola la nkhuku. Cholembera chikuvuta kugwira chifukwa chala changa chachikulu chakumanja chikupwetekabe. Amayi andifunsa kawiri ngati ndili bwino, ndayankha kuti eya. Sindili bwino ayi. Lero ndathawitsa agogo anga.

Ndiyambe poyambira. Agogo aamuna, bambo awo a amayi, anagwira ntchito mumgodi mpaka fumbi linawadya chifuwa. Tsopano miyendo nayo yayamba kukana. Chimene chimawadzutsa m'mawa ndi munda wawo wa kutsidya kwa dambo, kuseri kwa chiphiri cha dothi la mgodi. Koma mvula ya chaka chino yasandutsa njira yachidule kukhala phala, moti chibzalire chimanga agogo sanachione. Ilipo njira ina ya miyala yodzera ku mlatho, koma ndi yozungulira kwambiri kwa munthu woyenda ndi ndodo. Ndiye bambo ndi amalume anagwirizana zogula chokwera chogwirapo kale ntchito, choti chizinyamula feteleza, komanso agogo.

Zogula anagwirizana. Chogulacho ndiye ayi.

Kwa makaniko wina wa ku komboni ya Mandava, a Sibanda, ziliko ziwiri. China ndi kwadi yofiira, njinga yamoto ija ya matayala anayi, yaitali msinkhu, matayala ake a mano ngati a thirakitala. Umakhala motangadza ngati pa bulu, mnzako n'kukhala kumbuyo kwako. Chinacho ndi chobiriwira, chokhala ngati kagalimoto kosamalizidwa: chiwongolero, kadenga, mipando iwiri ya malamba, ndi bokosi kumbuyo. Bambo amafuna yofiira, amalume amafuna chobiriwira. Ine anangonditenga kuti ndikanyamule ambulera ya agogo. (Ntchito imeneyi ndimaitha bwino. Palibe amene anavulalapo nayo.)

"Alamu, iyi imakoka ndi matayala onse anayi," anatero bambo akusisita kwadi ija. "Dambo lija idutsa ikuimba nyimbo."

"Idutsa, nanga matumba musenza pamutu?" anayankha amalume. "Ichi chili ndi bokosi. Njira ya ku mlatho chiyenda ngati kombi yonyamula anthu."

"Kombi yake yokwawa ndi mimba? Taonani kufupika kwake. Chikalowa m'matope mudzachitulutsa mu Epulo."

A Sibanda ankangovomera aliyense amene wamaliza kulankhula, ndi mawu a Chishona otanthauza kuti zoona, bambo. "Ndizvozvo, mudhara," kwa bambo. "Ndizvozvo, mudhara," kwa amalume.

Agogo anagogoda ndodo pansi. "Mukukangana ngati katunduyo kulibe. Katundu ndine. Ndikwezeni pa yofiirayo ndione ngati ndikwana."

Vuto linayambira apa. Amalume anali atangoizungulitsa pabwalo, n'kutsika akuti bulu ameneyu sakweranso. Bambo anasendera kuti akhale kutsogolo, koma agogo anawaletsa ndi ndodo.

"Aikona! Ine ndikumbatire mkamwini wanga m'chiuno, Mandava yonse ikuona? Akhale mkazanga apa."

(Mkazangayo ndine. Agogo amanditcha choncho chibadwire, monga amasekera agogo ndi adzukulu awo, ndipo agogo aakazi ali moyo ankandiopseza ndi mthiko kuti ndikuwalanda banja.)

Ndinafuna kukana. Mawu akuti ayi anafika pakhosi, n'kubwerera okha. Ndine munthu amene aphunzitsi akandiitana ndi dzina la wina ndimangoyankha kuti ndisawachititse manyazi. Ndiye ndinaika ambulera pansi, n'kukwera.

Injini inali ikulirabe, poti a Sibanda anati batire ndi lofooka, ikazima ivuta kudzutsa. Anandilozera chogwirira chakumanzere n'kunena zinazake mofulumira m'Chishona. Ndinagwedeza mutu. Sindinamve kanthu, chifukwa maganizo onse anali pa siketi imene inkakana kuphimba mawondo, komanso pa anyamata awiri a kusukulu kwathu amene anaima pampanda akudya chimanga chootcha. Zoti amalume potsika anasiya giya ili m'kati, palibe anadziwa.

Bambo ndi amalume anakweza agogo pang'onopang'ono. Agogo anakhosomola, anakhazikika, kenako anandigwira m'nthiti mwadzidzidzi. Ine m'nthiti mwanga mumanyerenyetsa. Ndinadzidzimuka, ndinafinya zogwirira zonse ziwiri.

Amene simunakwerepo kwadi mumve. Chopatsira moto sichipotokoledwa ngati cha njinga yamoto wamba. Ndi kachitsulo kokhala pansi pa chogwirira chakumanja, pomwe pamafikira chala chachikulu. Munthu wamantha amafinya, ndipo akafinya imathamanga, ikathamanga amaopa kwambiri, n'kufinyanso. Amene anapanga chinthu chimenechi sanakumanepo ndi ine.

Tinatuluka pageti nkhuku zikuuluka mbali zonse. Kumbuyo ndinamva bambo akukuwa kuti, "Chotsa chala! Chala!" A Sibanda akundiimitsa m'Chishona, "Mira! Mira!" Agogo nawo m'khutu mwanga anabwerera ku chilankhulo cha mumgodi, kundichenjeza za mbuzi: "Basopa! Basopa lo mbuzi!" Mbuziyo inadzipulumutsa yokha. Mayi wina wogulitsa matimati anakumbatira tebulo lake. Ine maso anali pa chinthu chimodzi: msewu wa kwa a Sibanda umatsetsereka, ndipo umathera m'dambo.

Sindinakuwe. Ngakhale pamenepo ndinkachita manyazi kukuwa.

Tisanafike m'matope tinagunda kangalande ka madzi, kwadi inadumpha. Ndipo ndinamva chinthu chimene sichikundichoka m'mutu mpaka pano. Manja a agogo anamasuka. Sanachite kusiya dala. Zala zawo zinkayesa kugwira bulauzi yanga koma zinkangotsetsereka, zopanda mphamvu, ngati za mwana wogona. Thupi lawo linayamba kupendekera kumbuyo, pomwe palibe chotsamira, pali zitsulo zomangirapo katundu basi.

Ndinasiya chogwirira chakumanzere, ndinagwira mkono wawo, n'kuukanikiza pamimba panga. (Pambuyo pake ndi pomwe ndamva kuti kumanzereko ndi kumene kuli buleki, ndipo ndi zimene a Sibanda ankandiuza.) Ndiye tinalowa m'dambo chonchi: dzanja limodzi lagwira agogo, lina likupatsa moto wonse.

Matope anatimenya kumaso, m'kamwa, m'makutu. Matayala ankakumba, kwadi inkagwedeza matako uku ndi uku ngati ikufuna kutitaya. Ndinkamva chifuwa cha agogo chikulira pamsana panga ngati khomo lakale. Mumtima ndinkangoti, Ambuye, mukafuna kugwetsa munthu gwetsani ine, koma ndikagwa ine agweranso agogo, ndiye musagwetse aliyense. Pemphero losokonekera, koma linamveka. Tinatulukira kutsidya, tinakwera kamtunda, chala changa chinaterereka ndi matope n'kuchoka pa kachitsulo kaja. Kwadi inangofooka yokha n'kuima pafupi ndi chulu, mwaulemu, ngati sinalakwe kanthu.

Mkono wa agogo ndinali ndisanausiye.

"Agogo, muli bwino?"

Anakhosomola nthawi yaitali, analavula dothi. Kenako anakweza mutu. Kutsogolo kwathu, patali pang'ono, chimanga chawo chinali chitaima chobiriwira, china chitayamba kutulutsa ngayaye.

"Taona, chakula osandidikira," anatero motsitsa mawu. Ndiye anandiyang'ana dzanja. "Ndisiye tsopano, akubwera. Ndipo za manjazi usanene, wamva mkazanga? Ukanena andikhazika pakhonde ngati mpando wothyoka mpaka ndife."

Ndinangousiya mkono wawo. Kusayankha kwanga anthu amakuyesa kuvomera.

Otilanditsa anabwera mochititsa chisoni. Amalume analumphira m'chobiriwira chija ndi bambo kuti atithamangire, ndipo pakati penipeni pa dambo chinakhala pansi ndi mimba, matayala akungozungulira. Bambo anamaliza ulendo wapansi, matope m'mawondo. Atafika anagwira agogo kumaso, m'mapewa, m'miyendo. Ataona kuti ndi amphumphu, anatembenukira kwa ine. Ndinatseka maso kudikira.

"Mwaona, alamu?" anakuwa bambo kuloza m'dambo. "Mwana wa sukulu wadutsa ndi dzanja limodzi! Inu ndi chiwongolero chanu muli pati?"

Dzanja limodzilo analiona, koma sanafunse kuti linalo linali kuti.

Chotsatira n'chakuti a Sibanda anamangirira chingwe, kwadi yofiira n'kukoka chobiriwira kuchitulutsa m'matope, anthu a ku Mandava akuombera m'manja. Amalume sanatsutsenso. Agogo ankauza aliyense kuti iwo anakwerapo zikepe za mumgodi zotsika ngati mwala, izi ndi zamasewera. Anyamata a pampanda aja anajambula zonse pafoni, ndiye Lolemba kusukulu ndikudziwa chimene chikundidikira. Bambo auza a Sibanda kuti mawa tikatuluka m'tchalitchi abwera kudzatenga yofiira. Akuti amalume ndi amene aziyendetsa agogo akakwera.

Amalume ali ndi mimba yaikulu. Manja a agogo sangakumane n'komwe kutsogolo kwake. Ndipo amalume sadzamva zala zikutsetsereka, chifukwa amayendetsa akulankhula.

Ndakhala ndikuganiza chibwerere. Yofiira ndi yabwino m'matope, zimenezo ndaziona ndi maso, ndazilawanso ndi lilime. Koma chobiriwira chili ndi mpando wotsamira ndi lamba, ndipo njira ya ku mlatho ilipo, ingotalika. Chimanga sichithawa. Agogo akuopa kuti ndikanena awatsekera pakhomo. Ine ndikuopa kuti ndikapanda kunena, tsiku lina adzatsala m'dambo amalume osadziwa. Agogo akumva wailesi m'chipindamo, ndipo posachedwapa anandiitana kuti ndiwatsegulire botolo la mankhwala, ati chitsekerero chalimba. Sichinalimbe.

Phunziro loti ndizikana ndikauzidwa kukwera zinthu sindikudziwa ngati ndaliphunzira. Mwina ayi. Koma mawa ndidzuka agogo asanadzuke, ndikawapeza bambo kuseri kwa nyumba pomwe amapolishira nsapato za kutchalitchi. Ndikawauza kumene dzanja langa lamanzere linali. Ndikawapempha kuti asawanene agogo, asawasiyenso pakhonde, angogula cha lamba n'kumadzera ku mlatho. Mawuwo ndawayeserera kale pamaso pa nkhuku, ndipo akafika pakhosi n'kufuna kubwerera, ndikafinya ngati mmene ndinafinyira lero.