Wokumba Manda Amene Anamuiwala

Lolemba

Iwe wowerenga mobera, tanditchulira filimu imodzi yokha. Yakalekale, yotchipa, yoopsa koma yoseketsa, momwe munthu wakuda amafika kumapeto akupuma. Imodzi! Palibe, eti?

Nkhani ndi iyi. Kusukulu kwa Tadala akujambula filimu ya Halowini, tsiku la zoopsezana lija, motsanzira zakalezo. Mwana wanga, yemwe amayeserera zisudzo pagalasi mpaka chakudya kuzizira, amupatsa malo a "Mtsikana Wachitatu". Akuwa kamodzi, chilombo chimudya, basi. M'Chingerezi chake chija akuti, "Dad, ife timayamba kufa, ndi mmene zimakhalira." Akufuna kusiya zisudzo. Aphunzitsi akudikira yankho Lolemba likudzali.

Ndalonjeza: pofika Lamulungu ndimuonetsa wopulumuka.

Lachiwiri

Poweruka ndikuzungulira mashopu a kaunjika muno mu Wakefield, kuno kwa azungu. Thumba ladzaza ma DVD. Mayi wogulitsa akundiyang'ana ngati ndine mfiti.

Yoyamba: dalaivala wakuda, wafa nyimbo yotsegulira isanathe.
Yachiwiri: mulibe wakuda ngakhale wodutsa pamsewu.
Yachitatu: chilombo cha labala, zipi ikuoneka kumsana. Chikulambalala azungu chipinda chonse, kukagwira mlonda panja. Chilombo chosankha ndiwo!

Lachitatu

Amake Tadala, akuvala yunifolomu yakuchipatala: "Bambo, ine kuwodi ndikuona imfa zenizeni, inu mukulira ndi magazi a tomato."

Sakundimvetsa. Kufa aliyense amafa. Chikundiwawa nchakuti palibe wokhuza maliro. Munthu wagwa, anzake akulumpha mtembo, nthabwala ili pakamwa. Palibe wofunsa kuti kwawo nkuti, uthenga tituma ndani. Koma m'filimu ya lero galu wafa, ayika nyimbo yachisoni. Galu!

Lachinayi

Filimu ya lero: sing'anga wa fupa pamphuno, akubwebweta chilankhulo chomwe kulibe padziko. Dokotala wachimwenye, ntchito yake kugwedeza mutu kuti anthu aseke. Onse awiri apita filimu isanafike pakati.

A Mwale, mnzanga wa ku Zambia, pafoni: "Mudala, mafilimu otere inali nthawi yake, zisiyeni." Nthawi yake ikanakhala itatha, bwenzi mwana wanga ali ndi nambala m'malo mwa dzina? Ndadula foni. Ndipepesa kutchalitchi.

Lachisanu

Ndamupeza!

Filimu ya mizukwa. Wokumba manda, mkulu wa imvi, wakuda bii. Sanamupatse mawu. Koma asanatsikire m'dzenje akuvula nsapato nkuziyika bwinobwino pambali, ngati adzukulu akwathu ku Dedza. Zimenezo sanaziwerenge papepala, anabwera nazo yekha. Mizukwa ikudzuka, ikudya wansembe, wapolisi, mkwatibwi. Iye sindikumuona akufa. Ndabwereza. Sanafe!

Loweruka

Ndakazinga mbuliwuli, ndakhazika Tadala pampando wanga. Ndayika filimu ija. Itatha: "Dad, sanapulumuke. Anangomuiwala."

Ndakalipa. Iye wangobweza filimu. Mkulu uja watsikira m'dzenje, kamera yatembenuka, sanatulukenso. Nsapato zikuonekabe pambali pa manda mpaka kumapeto, anthu akuthamanga nkumazipondaponda.

Tawerenga mayina onse akumapeto. Wophika tiyi alipo. Mphaka alipo, ndi mwini wake yemwe. Mkulu uja palibe.

Lamulungu

Ndagonja. Ma DVD abwerera m'thumba. Ulaliki sindinaumve, maganizo ali pa nsapato. A Mwale ndawapepesa ndi mbali imodzi ya kamwa.

M'basi pobwerera Tadala akuti sasiya. Ayamba kufa, chabwino, koma chilombo chisanafike avula nsapato nkuziyika pambali, mwina wina adzaona. Ndayang'ana pawindo mpaka kutsika.

Mawa ndikupita naye kusukulu. Amake akuti ndisakakweze mawu. Sindinalonjeze.

Aphunzitsi, chilombo chimudye ngati mwatsimikiza. Koma "Wachitatu" wanuyo mufufute. Mumupatse dzina. Akagwa, wina aime, alitchule. Ndipo kumapeto mulilembe, malembo ake ofanana ndi a ena onse.