Nkhoswe Yanga ku Bodi ya Nyumba

Inu, tamverani, ndifotokoza kamodzi kokha, ndipo musadzandifunsenso za nyumba ija.

Mayi akunyumba, a Tusekele, atapeza ntchito ya unamwino ku Indianapolis, ine ndinatsala kuno ku South Bend ndi mapoto. Chaka chathunthu banja la pafoni. Tsiku lina anandiuza mosapsatira kuti atopa kugona pa sofa ya msuweni wawo, ndipo ndikapanda kupeza nyumba ndizingowatchula kuti achemwali.

Nyumba tinaipeza ku Indianapolis komweko. Chinyumba chakalekale cha miyala yofiirira pafupi ndi pakati pa tauni, masitepe ake olira ngati ngolo. Mayi atangoona mawindo aataliwo anayamba kuyeza makatani ndi maso. Koma ejenti wogulitsa nyumbayo anatichenjeza kuti imeneyi ndi kowopu: sugula zipinda, umagula gawo m'gulu la eni nyumbayo, ndipo bodi yawo iyenera kukuona kaye, ikufunse mafunso, ikukonde.

Ine ndinati ohoo, ndiye kufunsira mbeta kumeneku. Nanga munthu woleredwa bwino amakadzilankhulira yekha zoterezi? Ndinakatenga a Lyson, mkulu wa mpingo wathu, amene akhala nkhoswe pa maukwati ambiri kuno. Mayi anali pa shifiti, choncho panalibe wondiletsa.

Abodi tinawapeza m'chipinda chapansi. Wapampando anali gogo wina wamkazi, magalasi pamphuno, kagalu pamiyendo. Anafunsa ngati a Lyson ndi loya wanga. Ndinati ayi, ndi pakamwa panga. Kenako ndinakhala phee, manja pamaondo, maso pansi, monga mwa mwambo.

Gogo uja anafunsa ngati ndimalandira alendo kawirikawiri. A Lyson anaimirira n'kumanga batani la jekete.

"Kenan ndi mwana wa anthu," anatero. "Pakhomo pake sipazizira. Wotsika ndege amafikira kwa iyeyu mpaka atapeza ntchito. Kukagwa maliro kumudzi, Amalawi onse a mu Indiana timagona kwa iyeyu, kuimba mpaka kucha."

Gogo anafunsa kuti onsewo ndi angati. A Lyson anati asade nkhawa, ena amagona m'masitepe.

Ndinawaponda phazi. Anangolisuntha n'kupitiriza. Bambo wina wa m'bodimo anafotokoza kuti nyumbayi ndi ya mbiri yakale, kunja kwake ngakhale msomali sukhoma popanda chilolezo. A Lyson anapukusa mutu mwachisoni, nati aona kale mmene yakalambira, koma mavuto awo atha, Kenan ndi waluso. Pofika Khirisimasi miyala yonseyo adzakhala ataimata pulasitala ndi kuipaka penti wowala, mawindo akalewo atazula, ataika amakono ndi zitsulo zotchinga akuba. Zonsezo ulere.

Kagalu kaja kanauwa. A Lyson anakayang'ana mwachifundo, nati nakonso kachita mwayi, mitu ya nsomba zouma sikadzaisowa, mayi Tusekele amakazinga Loweruka lililonse.

M'chipindamo munangoti zii. Potuluka, a Lyson anandigwira phewa nati m'zaka zawo zonse za unkhoswe sanaonepo akuchikazi omvetsera chonchi.

Ejenti anaimba m'mawa mwake. Bodi yakana, yonse, ndipo ikupempha kuti ngati n'kotheka adiresi tiiiwale. Mayi nditawauza sanakalipe. Anangoti, "Zikomo, achimwene," n'kudula foni. Zinandiwawa, inu, mpaka pano zikundiwawabe.

Ndinapita kwa a Lyson ndi mawu okonzakonza. Ndinawapeza akusita jekete lomwe lija. Anandimvetsera modekha, kenako anati vuto langa n'chibwana. Banja laulemu wake silivomera pa ulendo woyamba, lingaoneke lotchipa. Cholakwa chathu n'chakuti tinapita awiri okha ngati anthu opanda abale.

"Loweruka tibwererako," anatero. "Akwaya ndawauza, ndipo basi yotinyamula ndaibuka kale."

Ndiye ngati muli ndi mpata Loweruka, malo akadalipo. Ine ndinawauza kuti sindipita, koma akuti zilibe kanthu, mwini nkhani salankhula ndi kale.