Kalasi Yanga Yalowa M'foni

Lolemba

Sukulu zidakali zotseka chifukwa cha mliri. Ana anga a Fomu 4 akungokhala kunyumba, silabasi inaima pa mutu wa mtima ndi kayendedwe ka magazi. A hedi andiimbira: "Madamu, dziko lasintha. Muziphunzitsa pa foni."

Manambala andipatsa ku ofesi. Ndatsegula gulu, dzina lake Bayoloje Fomu 4. Malamulo:
– phunziro m'mawa, lalifupi
– mawu okha, makanema amadya bandulo
– funso limodzi pa tsiku
– nthabwala ayi

Ndikudzimva ngati mphunzitsi wamakono. Ndasita mpaka bulauzi, chonsecho palibe adzandione.

Lachiwiri

Ndikujambula mawu kuchipinda, chitseko chotseka. "Mtima wa munthu uli ndi zigawo zinayi…" Kuseri kwa mpanda kukudutsa wanjinga: "Makala! Makalaaa!" Ndayambiranso. Galu wa aneba. Ndayambiranso. Wamakala uja akubwerera. Ndangotumiza, makala ali momwemo.

Mayankho:
– "Ndinu ndani?"
– "Makalawo ndi a thumba lalikulu?"
– "Ameni."

Apa ndiye ndazindikira. Manambalawa ndi a makolo! Ana alibe mafoni. Kalasi yanga ili m'matumba a anthu amene ali mu msika wa Limbe, akulondera pa mageti a eni ake, pamsewu. Ana enieniwo akutsuka mbale.

Lachitatu

Magetsi azima kuyambira m'mawa. Foni yathima phunziro lili pakati, magazi atangotuluka m'mapapo. Akhala pomwepo mpaka madzulo.

Ndatuluka muno m'Chitawira kukatchaja kwa mchemwali wanga m'tauni. Poyatsa ndapeza izi m'gulu: uthenga wa maliro, chithunzi cha tomato, ndi pemphero loti ukapanda kulitumiza kwa ena madalitso akudutsa. Amayi ake a Limbani, mwana wa m'kalasi mwanga, apempha kuti ndiwapatse mphamvu zoyendetsa gulu, ati akhazikitse bata. Ndawapatsa ndi mtima wonse.

Esinati sanalembe kanthu. Esinati wa ku Chilobwe, wokhala kutsogolo, amene dzanja lake limakwera funso ndisanalimalize. Amafuna unamwino. Ameneyu sangakhale chete pa nkhani ya mtima.

Lachinayi

Homuweki yoyamba yafika! Ayankha ndi a Saidi, bambo ake a Amina, oyendetsa minibasi ya Limbe ndi m'tauni. Akhoza bwino lomwe. Akuti phunziro amaliika pa sipika, ndipo dzulo okwera anakangana kuchokera ku Chichiri mpaka kutsika, ena ati mtima uli kumanzere, ena ati uli pakati.

"Amina ndimamupatsa foniyi ndikaweruka, Madamu, koma amapeza batire itatha. Funso langa: mtima ukamathamanga munthu utangokhala pansi, ndiye kuti chiyani?"

Ndawauza apite kuchipatala akayezetse. Alonjeza.

Wophunzira ndili naye mmodzi. Wandevu.

Lachisanu

Ndaimba nambala ya kwa Esinati. Ayankha mayi ake, kumbuyo kukumveka phokoso la msika. Ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Mpingwe. Mabwana anawaimitsa poopa matenda.

"Pakhomo pavuta, aphunzitsi. Ndamutumiza kwa amalume ake ku Nsanje." Kenako atsitsa mawu. "Kumeneko kuli mwamuna wina wafunsira. Ine sindinavomere. Komanso sindinakane."

Ndakhala pa bedi, foni ili m'manja. Kale, mwana akajomba, ndinkaona mpando wopanda munthu, n'kufunsa anzake tsiku lomwelo. M'foni mulibe mipando. Mwana amasowa osasiya malo.

Lero sindinajambule phunziro. Palibe wafunsa.

Loweruka

Ndalemba notsi pamanja, mutu wonse, ndi chithunzi cha mtima: inki yofiira mbali ina, yabuluu mbali ina. Masiki kukamwa, minibasi mpaka ku Chilobwe. Mayi ake ndawapeza akukazinga mandasi pafupi ndi msika. Alandira mapepala ndi manja awiri n'kuwatsendereza ndi beseni kuti asauluke. Akuti pali wina akutsikira ku Nsanje mawa kapena mkuja.

Ndalankhula zonse zimene mphunzitsi amalankhula. Mwana ndi wanzeru. Kwatsala pang'ono. Banja silithawa. Iwo akungogwedeza mutu, maso ali pa chiwaya.

"Zonsezo ndikuzidziwa, aphunzitsi."

Ndatsanzika.

Pobwerera ndatsegula foni m'minibasi. Amayi ake a Limbani akhazikitsadi bata. Gulu tsopano ndi Makolo Ogwirizana, ndipo ine andichotsamo. Mlandu wanga: kutumiza mauthenga ataliatali osakhudza gulu.

Lamulungu

Mapemphero ndamvera pa wailesi. Gulu lina sinditsegula. A hedi akufuna lipoti mawa. Ndiwalembera kuti mphunzitsi asanayambe, ayambe wafunsa kuti foniyo ndi ya ndani, nanga masana imakhala kuti. Zina zonse adzipezera okha.

Masana foni yalira kamodzi n'kuduka. Nambala yachilendo. Ndaimba. Ndi Esinati, pa foni yobwereka, mphepo ikusokosa. Notsi sizinafike. Za mwamuna uja sakutchula, inenso sindikufunsa. Zikuoneka kuti mwini foni waima pafupi.

"Madamu, sukulu atsegula liti? Ndikufuna ndiwauze amalume tsiku lenileni."

M'kalasi mwanga "sindikudziwa" si yankho. Ana ambiri ndawaimiritsa chifukwa cha mawu amenewa. Lero ndawanena ndekha, ndili chiimire pakhonde.



"Chabwino, Madamu. Ndingowauza kuti posachedwapa."

Foni yaduka.