Duwa Lofatsa la ku Nathenje

Anthu a ku Nathenje amandipatsa ulemu umene sindinaugwirire ntchito, ndipo akayamba kundiyamikira ndimamva kuyabwa kumsana. Ndaganiza zongonena mmene zinakhalira.

Amuna anga atamwalira sindinalire monga anthu amayembekezera. Misozi inangokana. Ndinakhala pambali pa bokosi ngati chitsa, maso ali gwa. Alongo awo a malemu, aNaphiri, amene ndi alamu anga, anaziona n'kuzisunga. Mawu awo anandipeza kwathu ku Mitundu: "Mkazi uja anaumitsa maso ngati wabwera kudzagula nyemba." Zinandiwawa.

Mwana wanga wa ku tauni ataona kuti ndikungokhala pakhonde tsiku lonse, anandigulira foni yojambula n'kundilowetsa m'gulu la amayi okonda maluwa akutchire. Ukapeza duwa umalijambula, n'kuikapo mizere ingapo ya ndakatulo, ndipo ngati sukulidziwa dzina anzako amakuuza. (Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndakatulo zanga ndimachita kuyankhula, foni n'kutumiza mawuwo.) Chithunzi changa choyamba chinatuluka chala chokhachokha. Koma ndinazolowera. Ndinajambula deliya wa m'mbali mwa msewu, kakombo wa padambo, ngakhale kaufiti amene wakhala akundithera chimanga zaka zonsezi. Posakhalitsa ndinayamba kudziona ngati katswiri.

Mvula itasiya chaka chotsatira, abale anakonza mwambo wotsegulira chiliza kwawo kwa malemu ku Nathenje. Ndinati mumtima, misozi ndilibe, koma mawu ndili nawo tsopano. Anzanga akamaika nkhata zapulasitiki zogula, ine ndikaika maluwa enieni n'kunena ndakatulo, alamu amve okha kuti mwamuna wanga ndinkamukonda.

Ndinafika dzulo lake. Madzulo ndikupita kumtsinje ndinaona tsidya lina maluwa atalendewera pamtengo, ofiirira moderako, ali m'magulumagulu, onse atazolika mitu ngati anthu opemphera. Ndinawajambula ndili patali n'kutumiza kugulu kufunsa dzina, koma bandulo ya intaneti inathera pomwepo, yankho silinabwere. Sindinadandaule. Katswiri amadikira yankho? Pobwerera ndakatulo inali itapsa kale m'mutu.

Mmawa, anthu akukonzekera ulendo wa kumanda, ndinazemba n'kuwoloka kamtsinjeko. Maluwa anali m'mwamba, choncho ndinalowa pansi pa ziyangoyango zake n'kukoka tsinde mwamphamvu. Kunagwa kafumbi, kundithira m'khosi ndi m'bulauzi. Ndinangokasasa ndi dzanja. (Mayi wobadwira kumudzi, wa zidzukulu, wotola nkhuni moyo wake wonse. Musandifunse.) Ndinamanga nkhata yanga bwinobwino n'kukalowa mumzere wa amayi.

Tisanafike n'kumanda komwe, khosi linayamba kutentha. Ndinati ndi thukuta. Abusa akuwerenga mawu, moto unatsikira kumsana, kenako m'khwapa, kenako malo ena amene mayi wamasiye sangakande pamaso pa abusa. Ndinaluma mlomo. Ndinayesa kudzikhula mobisa pamtengo umene ndinatsamira, koma kunali ngati kukolezera.

Ndiye abusa anaitana: "Mayi a pakhomo, bwerani muike nkhata."

Ndinapita, ndinaika, ndinaima mowongoka n'kuyamba:

"Duwa lofatsa la m'mbali mwa mtsinje,
lozolika mutu ngati munthu waulemu,
suputa munthu, sulimbana ndi mphepo,
momwemo analili bambo a kunyumba kwanga."

Mzere wachisanu sunatuluke. Mawu ananjenjemera, mapewa anayamba kugwedezeka okha, ndipo misozi imene inakana chaka chathunthu inatsika ngati mvula ya mu Januwale. Ndinadzikumbatira, zala zikugwira ntchito mobisa m'nthiti. Nditalephera kupirira ndinadzigwetsa pansi n'kuyamba kugubuduzika pa dothi, chifukwa dothi lokhalo ndi limene linkandimvera chisoni.

Amayi onse anayamba kulira, ena n'kuyambitsa nyimbo. Ndinamva wina akuti, "Zinali mumtima izi, lero zaphulika." Amene anathamanga kudzandigwira anali aNaphiri. Anandikumbatira mwamphamvu, tsaya lawo pakhosi panga.

"Alamu, pepani, ndinakulakwirani," anatero akusisima. "Lirani, musadzibweze."

"Alamu, ndisiyeni," ndinanong'ona.

"Sindikusiyani. Ndife amodzi."

Tinakhaladi amodzi. Nyimbo isanathe ndinamva thupi lawo likuuma, kenako dzanja limodzi linandisiya n'kupita pakhosi pawo. Anasuzumira pa duku langa n'kuona kanthu kopindika, kaubweya, katakodwa pamfundo.

"Alamu," anatero chapansipansi, "maluwa aja mwathyola kuti?"

"Tsidya la mtsinje."

"Mayi wamkulu ngati inu, chitedze simuchidziwa?"

Ndimachidziwa, koma chikauma, nyemba zake zikamaoneka poyera. Munthu ukachiona umathawa, suima n'kufunsa kuti maluwa ake amakhala otani. Sindinadziwe kuti chinthu choipa chotero chimayamba ndi kukongola, nyemba zanthete zitabisala kuseri kwa masamba.

ANaphiri anayang'ana abusa, anayang'ana khamu la anthu, n'kuona kuti njira yotulukira mwaulemu ndi imodzi yokha. Anakweza mawu: "Achimwene anga ine, mwatisiya ndi yani?" N'kugwera pa dothi pambali panga. Amayi ena anafuna kutidzutsa, koma iwo anawakaniza ndi dzanja: "Musatikhudze, tisiyeni awiriwiri." Tinatuluka m'mandamo titagwirana, tikuyenda mopindikapindika, anthu akutipatsa njira.

Tinakathera kuseri kwa bafa, tikukhulana phulusa ndi mchenga kumsana. Kunkangomveka kukanda.

"Ndiye achimwene anga mwawayerekeza ndi chitedze pamaso pa mudzi wonse?" anafunsa.

"Sindinadziwe, alamu."

"Mwalasa komabe. Ofatsa pankhope, koma uwakhudze njinga yawo, unkakanda sabata yathunthu."

Ndinaseka, chifukwa zinali zoona. Ndinakumbukira mmene ankaipukutira njinga ija ndi malaya awo abwino, ine ndikukalipa. Kusekako kunatembenuka pakhosi, ndipo pamenepo, nditayera phulusa ngati mbatata yootcha, ndinawalira amuna anga koyamba. Kulira kwenikweni kunalibe phokoso. Alamu ankangondisisita kumsana, mwina potonthoza, mwina pochotsa ubweya wotsala.

Nditagula bandulo ku Mitundu ndinapeza mayankho a kugulu atandidikira, onse akunena chimodzi: amayi, jambulani muli patali, musachiyandikire.

Phunziro ndinalimva, ngakhale likandipeza duwa lachilendo dzanja limatsogolabe. Ku Nathenje mpaka lero amalangiza atsikana kuti chikondi ndi chija anaonetsa mayi wa ku Mitundu, wogubuduzika pa manda a mwamuna wake. Akamatero ine ndimazolika mutu. ANaphiri, amene akanatha kundiulula, sangayerekeze. Iwo anagubuduzika kuposa ine.