Makanema a Bambo Fedoruk

Aliyense amene anaphunzirapo kemisitiri pa yunivesite yathu ku Winnipeg akuuzani kuti malemu Bambo Fedoruk ankadana ndi kompyuta koopsa. Anayang'anira labotale zaka makumi atatu, ndipo ankati chinthu chosanunkha, chosawira, chosaphulika, sichingaphunzitse munthu kanthu. Ine ndinali wothandizira kuphunzitsa, ndipo ndinawaona ndi maso angawa akutsekera zenera ndi laputopu ya dipatimenti, ati mphepo imalowa.

Ndiye kunabwera chaka chatsoka. Ophunzira a chaka choyamba ankangolowa osawerenga malangizo. Wina anapsa chala, wina anadonthezera asidi paphazi atavala masilipasi, kunja kuli chipale chofewa! Mkulu wa dipatimenti, Mayi Beaudry, zinawakwana.

"Ngozi ina imodzi teremu ino, labotale nditseka. Ana aziphunzirira pa kompyuta basi."

"Pa kompyuta? Mayi, inu kusambira munaphunzirira pa kapeti?"

"Ndanena ndanena, a Fedoruk."

M'mawa mwake a Fedoruk anandiitana. "Iwe Noreen, kafoni kakoko kamajambula? Malangizo a pa webusaiti ya kosi anawa sawerenga, chifukwa malangizowo ndi anzeru. Tiwaikirepo chitsiru."

Chitsirucho anali iwo eni. M'kanema woyamba anaweramira dala pa moto wa gasi, nsidze zonse fwaa!

"Bambo, mwapsa!"

"Wajambula kapena ayi?"

Mu wachiwiri ananunkhiza amoniya mphuno ili m'botolo, misozi chuchuchu, akuitana amayi awo m'chinenero chakwawo cha Chiyukireni. Mu wachitatu anavala masilipasi, kudzithira madzi ofiira paphazi, n'kuzungulira labotale yonse ndi mwendo umodzi. Mu wachinayi anakoka chingwe cha shawa ya ngozi atavala tayi, ine ndikufa ndi phwete. Kumapeto kwa kanema aliyense ankapukuta nkhope n'kuonetsa bwinobwino kachitidwe koyenera. Kenako mafunso asanu. Wolephera, chitseko cha labotale ankachionera kunja.

Abale, ana aja anawaonera makanemawo! Ankabwereza m'basi, m'kantini, ena kuonetsa makolo awo. Mayi Beaudry anabwera atakwiya.

"Nsidze zanu zili kuti? Imeneyo si ngozi?"

"Ngozi imabwera yokha, mayi. Iyi ndinachita kuiitana."

Sabata yomaliza ya teremu, Mayi Beaudry ali momwemo kuyendera, mankhwala a m'kabotolo ka mtsikana wina, Jasleen, anagwira moto. Ine ndinati labotale yapita. Koma mwana uja sanakuwe n'komwe. Anatseka gasi, kuvundikira kabotoloko ndi galasi, moto zii. Anzake makumi awiri anali atabwerera kale m'mbuyo, manja kumsana.

"Wakuphunzitsa ndani zimenezi?" anafunsa Mayi Beaudry.

"Kanema wachisanu ndi chimodzi. Uja a Fedoruk anawotcha ndevu."

Mayi Beaudry anayang'ana kabotolo, anayang'ana mwana, n'kutuluka. Za kutseka sitinazimvenso. A Fedoruk anavina pakati pa matebulo, mimba ikugwedezeka, akukuwa, "Noreen, usajambule, izi si zophunzitsa!"

Anamwalira zaka zitatu zapitazo ndi matenda a mtima, ali m'dimba mwawo akukumba mbatatesi. Labotale ilipobe, ikununkha monga kale, ndipo ine ndi amene ndimaima pakhomo. Makanema aja sitinawachotse, angayerekeze ndani? Koma kunena zoona, mwezi wa Seputembala umandipweteka. Ana atsopano amafika atavala nsapato zotseka, magalasi ali kumaso, akuseka kale, makosi ali m'mwamba kusuzumira kumbuyo kwanga.

"Mayi, nanga agogo oseketsa aja tiwaona lero?"

Chaka chilichonse ndimakonzekera yankho. Chaka chilichonse ndimangoti, "Lowani, mwakhoza mafunso onse asanu."