Matumba a Pansi pa Bedi

Lolemba

Zofunika kukhazikitsa china chilichonse chisanayambe:
1. Kusanyamula kanthu kolemera kuposa ketulo. Adokotala anenetsa kuti ndikadzikakamiza, matumbo adzatumphukira pambali pa chibowo chimene anandiboola pamimba, ndipo ndidzabwerera kumpeni.
2. Masewera olimbitsa mimba m'mawa uliwonse: kugona chagada, kupinda mawondo, kukokera mchombo mkati, kupuma.
3. Kutsokomola nditagwira mimba. Kuseka ayi.
4. M'dera lathu la Kabwata muno asapezeke wodziwa kuti chimbudzi changa tsopano chimatsikira m'kathumba komata pamimba. Akudziwa ndi mkazi wanga, amake Tisa. Basi.

Masewera ayenda bwino. Ndadzuka chogubuduzikira chammbali monga anandiphunzitsira. Ndinafika ku koleji ine. Mchombo sungandigonjetse!

Lachiwiri

Matumba osinthira ndi osowa ngati sopo, ngati mafuta, ngati zonse m'dziko muno. Kuchipatala andipatsa ochepa. Ndikuuza amake Tisa kuti, "Matumba aja mubise pansi pa bedi, alendo asawaone."

Zenera lili lotsegula. Kuseri kwa mpanda aneba athu, bana Mulenga, akuyanika zovala. Zovala zouma kale!

Ufa sunaoneke m'masitolo chiyambire mwezi watha. Sindikudziwa chifukwa chake ndikulemba zimenezi, koma mtima sukukhala pansi.

Lachitatu

Ndili chagada, mchombo uli mkati. Kugogoda. Bana Mulenga, beseni m'manja.

"Shani ba Phiri! Tipatseniko ka unga pang'ono, tamvela muli na matumba."

Ndikuyankha kuti ufa tilibe. Akuyang'ana malaya anga, amene atukuka mbali imodzi. "Koma kunenepa mwanenepa." Ine, amene buluku likundivuka!

Masewera: theka.

Lachinayi

Pageti pali mzere. Ena achokera kutali ku Libala! Mabeseni, mapoto, gogo wina wabwera ndi pilo wopanda thonje. Wina wasuzumira pazenera n'kundipeza ndili pansi pafupi ndi bedi, ndikupumira m'mwamba. Tsopano akuti ndimagona pamenepo kulondera ufa.

Amake Tisa: "Mungowauza zoona, atate ake Tisa."

Ayi! Mimba ndi yanga. Sindinadulidwe matumbo kuti ndikhale nkhani ya pampopi. Akhale pamzerepo mpaka dzuwa liwaphike.

Masewera: dzuka, tsegula chitseko, kana, gona, dzukanso. Kudzuka kwake kothamanga, kumene adokotala analetsa. Ndapapasa pambali pa chibowo. Palibe chotupa. Ndapapasanso. Palibe. Mwina kalipo kakang'ono? Palibe.

Lachisanu

Kumsika akana kugulitsa tomato kwa amake Tisa. Anyamata a chipani awauza kuti, "Amuna banu ni basabotaji, babisa unga." Uthenga wafika: acheyamani a chigawo chathu abwera mawa kudzafufuza m'nyumba.

Zowayankha:
Khadi la chipani ndili nalo.
Kumisonkhano sindijomba.
Kuchipinda kwa munthu wokwatira sikulowedwa, ngakhale ndi chipani.
Malaya sindikweza. Sindikweza!

Ndayesa kukokera mchombo mkati. Wakana. Nawonso uli ndi mantha.

Loweruka

Afika, ali ndi anyamata awiri. "Komuledi Phiri, tulutsani matumba. Bantu balibe chakudya."

Ndikunena za khadi. Ndikunena za chipinda cha munthu wokwatira. Anyamata agwira kale miyendo ya bedi. Ndikuti bwino, koma ana awa atuluke. Atuluka. Ndikukankha katoni ya matumba aja ndi phazi, poti kunyamula sindinyamula ngakhale pamaso pa boma.

Acheyamani atulutsa kathumba kamodzi, akukatembenuza, akusuzumira pabowo pake. "Manje aka muikamo unga wa nkhunda?"

Ndakweza malaya.

Nthawi yomweyo chibowo chalankhula. Chilibe ulemu chimenechi, sichidikira mlendo atsirize. Mkulu uja wavula chipewa, wabweza kathumba ndi manja awiri, n'kuwomba m'manja pansipansi ngati wafika pamaliro. "Pepani mudala. Izi zasilila mwamene muno, sizituluka panja."

Atatuluka ndaseka mpaka misozi, ndaiwala ndi kugwira mimba komwe. Masewera: palibe.

Lamlungu

Chinsinsi cha acheyamani sichinafike ndi pamphambano pomwe. Kutchalitchi sindipita; ndikudziwa kuti anditchula dzina m'pemphero, mwina ndi thumba lomwe. Amake Tisa apita okha.

Kuwomba m'manja pageti. Anyamata aja. Ufa unafika dzulo madzulo kusitolo, ndipo chigawo chagwirizana kuti wodwala asaime pamzere. Thumba lathunthu, lalikulu lija! Alitula pageti n'kuthawa, osandiyang'ana pamimba, osandiyang'ananso kumaso.

Mumsewu muli zii, onse ali kumapemphero. Kumwamba kwada. Ndikuliuza thumbalo kuti sindilikhudza. Dontho. Ndikuliuzanso. Madontho. Mwezi wathunthu tikudya mbatata, ndipo Tisa wayamba kufunsa ngati ufa unaletsedwa.

Ndalikoka. Chobwerera m'mbuyo, mawondo opinda, mchombo mkati, mpaka pakhonde.

Ufa ndi wouma. Pambali pa chibowo pali kanthu kofewa ngati dzira losakhwima, ndipo nthawi ino sindikufunika kupapasa kawiri. Ndagona chagada, ndikulembera adokotala pepala lili pachifuwa. Funso ndi limodzi: kodi kukoka kumawerengedwa ngati kunyamula?

Chonde yankho lifike msanga.